Lazaro wa pa geti, na mlaliki amene anafela m'njila

Pa wailesi pathu, Sondo m'mawa timaulutsa maulaliki, ndipo mafoni amene amabwela pambuyo pake ambili amakamba cinthu cimodzi: madalitso. Wina afuna nchito, wina motoka, wina mpamba wa bizinesi. Sitiwaseka, cifukwa nafenso lendi ya nyumba imatisoŵetsa tulo. Koma ilipo nkhani ina ya Yesu imene siitomoledwa kaŵilikaŵili m'mafoni amenewa. Ili pa Luka 16, vesi 19 mpaka 31.

Munthu wina wolemela anali kuvala zodula na kudya bwino tsiku lililonse. Pa geti pake panali kugona wosauka dzina lake Lazaro, thupi lonse zilonda, agalu n'kumamunyambita. Onse aŵili anamwalila. Lazaro angelo anamutengela kwa Abrahamu, koma wolemela uja anapezeka m'mazunzo, akupempha kadontho ka madzi. Anauzidwa kuti pakati pao pali phompho losaoloka. Anapemphanso kuti Lazaro atumidwe kukacenjeza abale ake asanu, ndipo yankho linali lakuti abalewo ali kale na Mose na aneneli, awamvele amenewo.

Lelo tifuna tibwelele kumbuyo zaka zoposa 1,600, tikaone munthu amene analalikila nkhani imeneyi mosabisa mau, na zimene zinamucitikila.

Dzina lake anali John. Atamwalila anthu anamupatsa dzina lakuti Chrysostom, mau acigiriki otanthauza pakamwa pa golide, cifukwa ca luso lake pokamba. Anabadwila ku Antioch, mzinda umene buku la Macitidwe likamba kuti n'kumene ophunzila a Yesu anayamba kuchedwa Akhristu. Lelo ni Antakya, m'dziko la Turkey. Anadzozedwa unsembe mu 386, nthawi imene Cikhristu cinali citaleka kuzunzidwa, ndipo mafumu aciroma na anthu a ndalama anali kuloŵa m'chalichi momasuka.

John anali kuudziŵa bwino mzinda wake. Mu ulaliki wina anakamba kuti pa anthu 10 alionse a mu Antioch, mmodzi anali wolemela kwambili, mmodzi analibiletu kanthu, ndipo otsalawo anali apakati. Anakambanso kuti chalichi ca kumeneko cinali kusamalila akazi amasiye na anamwali okwana 3,000, osaŵelengela odwala, alendo na akaidi.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 380, anthu atangotsiliza madyelelo a caka catsopano, John anayamba mndandanda wa maulaliki 7 pa nkhani ya Lazaro. Funso lake linali lapafupi: kodi wolemela uja analakwa ciani? Nkhaniyo siikamba kuti anaba, kapena kuti anamenya Lazaro, ngakhale kumupitikitsa pa geti. Anali kungomupitilila, potuluka na poloŵa, tsiku na tsiku. Kwa John, umenewo ndiwo unali mlandu wake. Sanali munthu wakutali amene unganene kuti sun'namuonepo. Anali pakhomo penipeni.

Anapitiliza kukamba cinthu cimene cinawaŵaŵa ambili, cakuti kumana wosauka gawo la cuma cako n'cimodzimodzi na kumubela. Anayelekezela wolemela na msungicuma wa mfumu, amene wapatsidwa ndalama kuti agaŵile anthu. Akazidya yekha, amayankha mlandu. Anayelekezelanso moyo uno na seŵelo la pa bwalo, mmene wina amavala cigoba ca mfumu, wina ca kapolo. Madzulo seŵelo likatha, onse amavula, ndipo aliyense amaoneka mmene alili. Imfa, iye anati, ndiyo madzulo amenewo.

Ena anali kudziteteza monga mmene ticitila lelo, kuti osauka ambili ni aulesi kapena abodza. John anawayankha na citsanzo ca doko la zombo, limene limalandila onse amene combo cawaswekela, abwino na oipa omwe, osawafunsa mbili yao.

Tisaganize kuti anali kuphunzitsa kuti ndalama payokha ni cimo. Iye anaona kuti amene analandila Lazaro kuja ni Abrahamu, munthu wa ziŵeto zambili na anchito ambili, koma wodziŵika na kulandila alendo pakhomo pake. M'nkhaniyi muli olemela aŵili, ndipo cimene cinawasiyanitsa ni zimene anacita na munthu wa pakhomo.

Mbili ya ulaliki wake inafika ku Constantinople, likulu la ufumu wa Roma wa kum'maŵa, mzinda umene lelo ni Istanbul. Akuluakulu a boma anamucotsa ku Antioch mwakabisila, poopa kuti anthu angacite cipolowe, ndipo mu 398 anakhala bishopu wa likululo. Mwina anali kuyembekezela mlaliki wokometsela nyumba ya mfumu. John anacepetsa ndalama zoonongela pa nyumba ya bishopu, n'kuzipeleka ku zipatala. Anakana kukonza maphwando a anthu apamwamba, ndipo nthawi zambili anali kudya yekha. Pa guwa anadzudzula olemela amene anali kupangitsa ngakhale miphika yokodzelamo ya siliva, pamene ena anali kuzizidwa panja. Mmodzi mwa anthu amene anaima naye kwambili anali Olympias, mai wamasiye wolemela zedi amene anapeleka cuma cake ku nchito za chalichi na za osauka.

Adani sanacedwe kuculuka. Ansembe ena anaipidwa na kukhwimitsa kwake, ndipo mfumukazi Eudoxia, mkazi wa mfumu Arcadius, anaona ngati maulaliki ena anali kulasa iye. Mu 403, Theophilus, bishopu wa ku Alexandria, anatsogolela msonkhano wa mabishopu umene unacotsa John pa udindo. Anthu a mumzinda anakalipa kwambili, ndipo posapita nthawi anamuitananso. Mtendelewo sunakhalitse. Fano la siliva la mfumukaziyo litaimikidwa pafupi na chalichi cacikulu, na phokoso la zikondwelelo likusokoneza mapemphelo, John anadandaula poyela. Mu June 404 anamupitikitsanso, ulendo uno kosabwelela, n'kumutumiza ku Cucusus, kamzinda ka m'mapili a ku Armenia.

Ngakhale kumeneko makalata ake anali kufika kwa anthu ambili, conco analamula kuti apite kutali kwambili, ku gombe la Black Sea. Asilikali anamuyendetsa pa dzuŵa na pa mvula, ali wodwala. Sanafike. Anamwalila m'njila, ku Comana, pa 14 September 407. Mu 438 mafupa ake anawabweletsa ku Constantinople mwaulemu waukulu, ndipo mfumu Theodosius II, mwana wa Arcadius na Eudoxia, anaŵelama pa bokosilo kupepesela makolo ake. Mpaka lelo Akatolika, a Orthodox na a Anglican amamukumbukila monga mphunzitsi wamkulu wa chalichi.

Cimene catikokela ku mbili imeneyi n'cakuti John sanali kulalikila kwa anthu osapemphela. Omumvela anali Akhristu, mu ufumu umene unali kudzicha wacikhristu. Ifenso dziko lathu linalengezedwa kukhala lacikhristu na a Frederick Chiluba pa 29 December 1991, ndipo mau amenewo analoŵa m'mau oyamba a malamulo a dziko mu 1996. Koma aliyense wokhala mu Lusaka adziŵa kuti kucoka ku mayadi a ku Kabulonga kufika mu Mtendere kapena Kalingalinga ni mtunda woyenda pansi, ndipo mipanda ikukwelelakwelela.

N'capafupi kuloza cala eni mageti akuluakulu, ife n'kudziika pa malo a Lazaro. Koma kumbukilani kaŵelengedwe ka John: anthu 8 pa 10 alionse mu Antioch anali apakati, ndipo iye anali kukamba nawonso. Ambili a ife tilibe mpanda, koma tili na kageti kathu. Ni windo ya minibasi imene timatseka mwana wa mumseu akafika. Ni foni imene timayang'anapo mwadala podutsa agogo opemphapempha pa mlatho. Ni mnansi wa pa ploti pathu amene tadziŵa kuti kwao sikunafuke utsi kuyambila dzulo, koma taopa kufunsa, kuti tingafunike kugaŵako unga.

Nkhani ya Yesu siitiuza zimene abale asanu aja anacita. Wolemela na Lazaro zao zinali zitatha, koma abalewo anali akali moyo, akutuluka na kuloŵa pa mageti ao. Pa anthu onse a m'nkhaniyi, amenewo ndiwo ofanana nafe. Sondo ikubwelayi tidzaiŵelenga pa wailesi tisanatsegule mafoni, ndipo tidzafunsa funso limodzi cabe: munthu amene mumamupitilila tsiku lililonse, kodi dzina lake mulidziŵa?