Mphamvu Yobisika M'chakudya cha Ziweto

Ku Mchinji, kumene kale kunkatchedwa Fort Manning, alimi adadziwa kalekale kuti ng'ombe imatha kukhuta mapesi chilimwe chonse koma nthiti n'kumawerengekabe. Chimene chidavuta chidali kupeza muyeso wa mphamvu yomwe chiweto chimapindula nayo, ndipo ntchito imeneyi idayambira kutali.

M'zaka za m'ma 1860, Wilhelm Henneberg ndi Friedrich Stohmann, akatswiri a ku Weende m'dziko la Germany, ankapima chakudya chimene chiweto chadya ndi ndowe zimene chatulutsa. Chosatuluka ndicho adachiwerengera kuti chagayika. Komatu mphamvu ina imatayikira mumkodzo ndi mumpweya umene ng'ombe imageya. Motero Oskar Kellner ankatsekera ng'ombe m'kachipinda napima mpweya wake, ndipo m'chaka cha 1905 adafalitsa muyeso woyerekeza chakudya chilichonse ndi sitachi.

Lero muyeso wake ndi megajoule. Chodabwitsa n'chakuti kilogalamu ya chimanga ndi kilogalamu ya mapesi ouma zikatenthedwa zimatulutsa mphamvu yofanana, pafupifupi 18. Koma ng'ombe imapeza pafupifupi 13 m'chimanga, pamene m'mapesi imangopezamo theka lake.

Kwathu kuno kafukufuku wa ziweto ndi msipu adachitika pa Chitedze, malo amene adakhazikitsidwa mu 1948 pamsewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Alangizi adalimbikitsa alimi onenepetsa ng'ombe m'khola kuwonjezera madeya ndi masangwi a mtedza pa mapesiwo. Madeyawo, komabe, nkhumba ndi nkhuku zimawafunanso, ndipo pa njala ya mu 2002 adadyedwa ndi anthu.