Zitsulo zimene zinadikira usiku kuti zikumane

Mu 1904 amisiri a kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington anayamba kumanga mlatho wa Victoria Falls kuchokera mbali zonse ziwiri za Zambezi. Pulani anajambula ndi George Hobson, masamu ake anathandiza kuwerengera Ralph Freeman. Mbali ziwirizo zinayenera kukumana pa msinkhu umodzi, mamita 128 pamwamba pa madzi. Madzulo a pa 31 Malichi 1905 zitsulo zinali zitafutukuka ndi dzuwa mpaka kupitirirana pang'ono. Usiku zinazizira n'kubwerera, ndipo m'mawa wa pa 1 Epulo anazilumikiza.

Chaka chomwecho anthu a ku Old Drift, mudzi wa m'mbali mwa Zambezi, atatopa ndi malungo, anasamukira kumtunda kumene kuli Livingstone lero. Dera la Dambwa, mu Livingstone momwemo, linadzakula pambuyo pake.

Nkhani ya kukumana pa msinkhu umodzi ilipobe: wojambula ngalande za ku Dambwa masiku ano amadalira mapulogalamu ngati AutoCAD, yomwe inatuluka mu 1982. Mzere uliwonse mmenemo uli ndi nambala ya kukwera kwake. Wina ukatsala pa 0, mnzake ali pa mamita opitirira 900, pasikirini mizereyo imaoneka yogundana bwinobwino, chonsecho siinakumane. Kompyuta imawerengera matsetse abodza, ndipo womanga akapanda kuyezanso, madzi a Januwale amakhamukira m'makomo mwa anthu.