Keke yopanda shuga ya ku Sweden: kodi inayambiradi ku Östersund?

Pa 13 Novembala chaka chilichonse, anthu a ku Sweden amakumbukira smörgåstårta, keke yomwe saithira shuga. Ikakhala patebulo ungaganize kuti ndi ya paukwati, koma mpeni ukalowa umapeza buledi wosanjikizana katatu kapena kanayi, pakati pake pali mazira owiritsa, mayonezi, nsomba ya salmon yowamba, hamu kapena chiwindi chopera. Tsikuli linakhazikitsidwa mu 2012, ndipo likamayandikira nkhani imodzimodzi imabwerezedwa: akuti kekeyi inatulukiridwa ndi wophika makeke wina wa m'tauni ya Östersund, m'chigawo cha Jämtland, m'zaka za m'ma 1960. Nkhaniyi imakoma kumva, koma ine sindiikhulupirira yonse.

Kusanjika zakudya pa buledi si kwachilendo ku Sweden. M'zaka za m'ma 1700, mabanja olemera ankayamba phwando pakatebulo ka buledi, batala, tchizi, nsomba zamchere ndi mowa waukali, asanakhale pansi kudya chakudya chenicheni. Katebuloko kanakula n'kukhala smörgåsbord, yomwe alendo ambiri anaiona koyamba pa chionetsero cha padziko lonse ku New York mu 1939. Ku America komweko, amayi anali atayamba kale kucheka buledi mulitali, kuikamo zakudya pakati ndi kumata tchizi wofewa kunja kuti azioneka ngati keke. Ndipo m'zaka za m'ma 1940, maphikidwe a keke ya buledi anali akusindikizidwa kale ku Sweden. Munthu sangatulukire chinthu chomwe anzake analemba papepala zaka makumi awiri m'mbuyomo.

Nanga wa ku Östersund uja anachitapo chiyani? Sitingamulande ulemu wonse. Iye anali katswiri wa makeke otsekemera, wodziwa kusalaza m'mbali ndi kukongoletsa pamwamba, ndipo luso limenelo analitengera ku buledi ndi nsomba. Anaika kekeyi pamalonda, anthu n'kumaitanitsa. Kusiyana kwake ndi amayi a m'makhitchini n'kwakuti sitolo ili ndi dzina, keyala, ndiponso munthu woti mtolankhani akamufunse mafunso ndi kumujambula. Mayi amene anapangira kekeyi alendo ake mu 1948 sanasiye lisiti. Olemba mbiri ya zakudya amakonda kuthamangira komwe kuli mapepala, ndiye ulemu wonse unagwera munthu mmodzi.

Chomwe chinafalitsa kekeyi kwenikweni ndi nthawi imene inafikira. Pakati pa 1965 ndi 1974, dziko la Sweden linamanga nyumba pafupifupi miliyoni imodzi kudzera mu ndondomeko ya Miljonprogrammet, ndipo makhitchini ake anali amakono, okhala ndi firiji. Popanda firiji kekeyi kulibe, chifukwa mayonezi, mazira ndi nsomba sizigonera pamalo otentha. Mu 1971 boma linayamba kudula msonkho wa mwamuna payekha ndi wa mkazi payekha, zomwe zinalimbikitsa amayi ambiri kulowa ntchito zolipidwa. Mayi woweruka madzulo, amene mawa lake akulandira alendo ambiri, ankafuna chakudya chokonzeratu usiku, chosafuna moto, chodyedwa chozizira. Panalinso ndiwo yoikamo yomwe inali itatchuka kale: kusakaniza kwa ma shrimp, mayonezi ndi masamba onunkhira a dill, komwe katswiri wophika Tore Wretman anatchukitsa m'zaka za m'ma 1950 ndi chakudya chake chotchedwa Toast Skagen. Zonsezi zitakumana, smörgåstårta inakhala chakudya cha paubatizo, pamaliro, pokondwerera zaka 50 zakubadwa, komanso m'mwezi wa Juni ana akamatsiriza sekondale. Ku Finland amaitcha voileipäkakku, ku Estonia võileivatort, ku Iceland brauðterta, ndipo aliyense amaiona ngati yakwawo.

Kutchuka komweko n'kumene kunaiononga. Itayamba kupangidwa yambirimbiri kuti igulitsidwe, opanga anazindikira msanga kuti mayonezi ndi wotchipa kuposa nsomba. Mkati munadzaza zoterera zopanda kukoma, ndipo zodula zonse zinakwera pamwamba pomwe wogula amaona. Ena anafika posanjika hamu, ma shrimp, tchizi ndi mphesa pa keke imodzi, poganiza kuti kuchuluka ndiko kukoma. N'chifukwa chake pali anthu a ku Sweden omwe amaiona ngati chakudya chachikale, cholemera m'mimba, chodyera ulemu pamaliro basi.

Ya pakhomo siyenera kukhala choncho, ndipo kapangidwe kake sikovuta. Mumachotsa makoko a buledi woyera, n'kuyala gawo loyamba pambale yomwe mudzaperekerepo, chifukwa keke ikamalizidwa sinyamulika. Gawo lililonse likhale ndi kukoma kwake: loyamba mazira oduladula ndi mayonezi pang'ono, lachiwiri salmon yowamba yosakaniza ndi tchizi wofewa ndi madzi a mandimu. Mukasankha nsomba, khalani pa nsomba. Hamu ndi chiwindi zidikire keke yawoyawo. Poyala gawo lotsatira, onetsetsani kuti mipata ya buledi isalunjikane ndi ya pansi, monga amachitira womanga njerwa, apo ayi keke idzang'ambika pocheka. Mayonezi muwachepetse powasakaniza ndi kirimu wowawasa, kuti asatsekereze kukoma kwa nsomba.

Kenako mumaikulunga bwino ndi kuiika mu firiji usiku wonse. Apa ndi pomwe ofulumira amalakwitsa. Buledi amafunika maola amenewo kuti ayamwe chinyezi ndi kugwirana ndi zamkati. Keke yopangidwa ndi kudyedwa tsiku lomwelo imakhala youma, ndipo imaphwasuka mpeni ukangoikhudza. Kumata kunja ndi kukongoletsa ndi ntchito ya mawa lake, alendo atatsala pang'ono kufika. Nkhaka zodulidwa zikakhalitsa zimatulutsa madzi, dill amafota, ndipo mandimu akagona pa salmon amaiyeretsa. Ma shrimp muwafinye pang'ono ndi kuwaumitsa ndi kansalu koyera musanawasanje, ndipo keke yotsala ibwerere mu firiji anthu akangomaliza kugawirana.