Chidindo pa Ndalama ya Siliva

Anthu a ku Kachebere, m'boma la Mchinji, amadziwa bwino kuti ndalama imayenda ndi chilolezo cha boma. Kwacha ya Zambia idayamba mu 1968, ya Malawi mu 1971, ndipo ngakhale dzina ndi limodzi, iliyonse ili ndi kwawo. Kale sizidali choncho. Ndalama zasiliva zinkaoloka malire popanda woziletsa.

M'zaka za m'ma 1880, njira zamalonda zochokera m'dziko la Mpezeni zinkatsikira ku Tete, kumene Apwitikizi ankagula minyanga. Kumidzi anthu ankasinthanitsa ndi nsalu ndi mikanda, koma m'madoko a Mozambique munkayenda ndalama zachilendo zambiri: marupiya a ku India ndiponso ndalama zazikulu za ku Austria zokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Maria Theresa. Boma lachipwitikizi lidalibe ndalama zakezake zokwanira. Choncho m'zaka za 1888 ndi 1889 lidayamba kudinda ndalama zachilendozo ndi zilembo ziwiri, PM, kutanthauza chigawo cha Mozambique. Poyamba pamwamba pa zilembozo pankakhala chisoti chaufumu. Kenaka ankadinda zilembo zokha. Inali njira yotsika mtengo: nyundo ndi chitsulo basi, ndalama ya mwini n'kusanduka yako.

Ndalama ya Maria Theresa ili ndi chodabwitsa chake. Mfumukaziyo idamwalira mu 1780, koma amalonda ataikonda ndalamayo, osula adapitiriza kuisula kwa zaka zoposa 200 osasintha chakacho. Motero chaka cholembedwapo sichinena zoona. Chidindo cha PM ndicho chimaulula kuti ndalamayo idafika kuti, ndipo liti. N'chifukwa chake osonkhanitsa ndalama zakale amalipira mtengo woposa wa siliva wake akapeza yodindidwa, pamene inzake yosadindidwa, yooneka bwino koposa, amangoigula ngati siliva wamba.

Komatu si bala lililonse limene limakweza mtengo. Shilingi yobooledwa ndi msomali kuti ikhale pamkanda, ogula amaiona ngati yoonongeka, ngakhale kuti kwa wolemba mbiri nayonso ndi mboni. Kobiri lachibowo la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lija la njovu ziwiri, nalonso si losinthidwa. Lidasulidwa ndi bowo lake.

Pamene pali mtengo, akathyali sasowa. Kusula ndalama yonse n'kovuta, koma kusema zilembo ziwiri pachitsulo mmisiri aliyense angathe. M'zaka za m'ma 1900 zidindo zabodza zambiri zidamenyedwa pa ndalama zenizeni kuti anamize osonkhanitsa. Akatswiri amayerekeza kalembedwe ka zilembo ndi zidindo zodziwika, napenyetsetsa ngati chidindo chidaperepeseka pamodzi ndi ndalamayo. Chidindo chakuthwa pa ndalama yotha, kapena cha 1889 pa ndalama yosulidwa pambuyo pake, amachikana.