1963: Chaka Chimene Doctor Who Adabadwa

Kumayambiriro kwa 1963 akuluakulu a BBC ku London adali ndi mpata wowasowetsa mtendere. Loweruka madzulo, pulogalamu ya zamasewera ya Grandstand ikatha, pankatsala pafupifupi theka la ola isanayambe Juke Box Jury, ya nyimbo, yomwe achinyamata ankaikonda. Pankafunika sewero loti likhazike pansi banja lonse pa nthawi imeneyo.

Ntchitoyi idagwera Sydney Newman, wa ku Canada, yemwe adali atangobwera kumene kudzatsogolera nthambi ya masewero. Iye ndi anzake a ku BBC, Donald Wilson komanso C. E. Webber, adamanga mfundo ya nkhalamba yosadziwika kwawo, yotchedwa Doctor, yoyenda m'chombo chotha kubwerera m'zaka zamakedzana kapena kudumphira m'tsogolo. Newman ankafuna kuti ana azitolapo nzeru, ulendo uno mbiri yakale, ulendo wina sayansi. N'chifukwa chake pakati pa anzake a nkhalambayo padali aphunzitsi awiri, Barbara Wright wa mbiri ndi Ian Chesterton wa sayansi. Adaikanso lamulo lolimba: zilombo zotong'ola maso, zija zodzaza m'mafilimu otchipa, zisaoneke m'seweroli.

Chimene chimandikoka mtima m'chaka chimenechi ndi anthu amene adasenzetsedwa katunduyu. Woyang'anira sewero lonse adali Verity Lambert, wa zaka 27, mkazi yekhayo pa udindo wotere m'nthambiyo. Wotsogolera kujambula nkhani yoyamba adali Waris Hussein, wobadwira ku Lucknow ku India, wa zaka 24. Ambiri m'bungwemo sankawayesa kanthu, ndipo malo amene adawapatsa adasonyeza zomwezo: Studio D ku Lime Grove, chipinda chopanikiza, chotentha, cha makamera okalamba. Awiriwa ndiwo adanyengerera William Hartnell, wa zaka 55, yemwe adali atatopa ndi kumangosewera ngati msilikali waukali, kuti akhale Doctor woyamba.

Kuchepa kwa ndalama kudabala zinthu zimene zilipo mpaka lero. Chombo cha Doctor, chotchedwa TARDIS, chimayenera kumasintha maonekedwe paliponse pamene chatera, koma zimenezo zikadadula. Choncho nkhani idati chidawonongeka n'kukakamira pa maonekedwe a kanyumba ka telefoni ka apolisi, kofala m'misewu ya ku Britain masiku amenewo, kakang'ono kunja koma kotakasuka modabwitsa mkati. Nyimbo yotsegulira adapeka ndi Ron Grainer, koma amene adaipatsa moyo ndi Delia Derbyshire wa ku BBC Radiophonic Workshop. Popanda woimba ndi mmodzi yemwe, mayiyu ankajambula liwu lililonse palokha, n'kumadula tepi ndi kuilumikiza tizidutswatizidutswa. Dzina lake silidalembedwe pa kanema, ndipo kumeneko kudali kumulakwira. Phokoso la TARDIS ponyamuka adalipanga Brian Hodgson pokwecha kiyi pa nsambo za piyano yothyoka.

Gawo loyamba, An Unearthly Child, adalijambula pa 27 September. Newman adalikana, ati Doctor adali wouma mtima kwambiri ndipo zolakwika zidachuluka. Adalijambulanso pa 18 October. Tsiku loulutsa lidali Loweruka pa 23 November, koma dzulo lake Pulezidenti John F. Kennedy adaphedwa ku Dallas, ndipo maganizo a anthu adali kumaliro. Lidaonedwa ndi anthu pafupifupi 4.4 miliyoni, ndipo BBC idalibwereza sabata yotsatira. Kenaka padadza zigawo zitatu za anthu a m'mapanga olimbirana moto. Mabwana, poopa kuwononga ndalama, adali atangololeza zigawo 13.

Chidapulumutsa seweroli ndi kusamvera. Terry Nation adalemba nkhani ya ma Dalek a ku dziko lopeka la Skaro, otsala pa nkhondo ya nyukiliya, obisala m'zigoba zachitsulo ndi odana ndi aliyense wosafanana nawo. Nation adakula nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo polemba ankakumbukira chipani cha Nazi. Newman adapsa mtima, poti kwa iye izi zidali zilombo zomwe zija adaletsa. Lambert adaima nji. Adati ma Dalek si zilombo wamba, ndi anthu amene nkhondo idawasandutsa chonchi, ndiponso panalibe nkhani ina yokonzeka kujambulidwa.

Pa 21 December oonera adangoona mkono umodzi wokha wa Dalek ukuyandikira Barbara, iye atatsamira khoma akukuwa. Pa 28 December ma Dalek adaoneka athunthu, opanda miyendo, akutsetsereka pansi monga adawakonzera Raymond Cusick. Nkhaniyi isanathe mu February 1964 oonera adapitirira 10 miliyoni, ana m'masukulu akutsanzira mawu awo okhadzula, ndipo zotseka seweroli zidaiwalika. Newman pambuyo pake adavomera kuti Lambert ndiye adaona patali. Nation, mwini nkhani, adalemera ndi ma Dalek. Cusick, poti adali wolembedwa ntchito ndi BBC, adangolandira kandalama kochepa kothokozera.