"Waimva iyi?" Mmene nyimbo zayendera mumzinda wa Mzuzu

Olemba mbiri ya Mzuzu amakonda kuyambira pa minda ya mitengo ya tung imene azungu adatsegula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, nkudzathera pa 1985 pamene malowa adakwezedwa kukhala mzinda. Zonsezo nzoona. Koma ine, monga munthu amene ndakulira pakati pa Chiputula ndi Chibavi, ndimaona kuti pali mbiri ina imene imatsala m'mbuyo. Ndi mbiri ya kafunso ka mawu awiri kamene kamveka m'mabala, m'maminibasi ndi m'makonde a mumzinda uno kwa zaka zambirimbiri: "Waimva iyi?"

Musakapeputse kafunsoka, awerengi. Wailesi ya boma idali ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, mtunda woposa makilomita 600 kuchokera kuno. Nyumba zojambulira nyimbo nazo zidali komweko kummwera. Tsono khutu la munthu wa ku Mzuzu lidaleredwa ndi mnzake. Nyimbo inkafika kuno itanyamulidwa ndi munthu, ndipo inkakhala kapena kufa malinga ndi mmene munthuyo waiyamikirira kwa anzake.

Chizolowezichi nchakale kuposa mzinda weniweniwo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, m'busa Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia ankalimbikitsa Akhristu a ku Embangweni kupeka nyimbo zawozawo potsata maimbidwe a makolo. Apa mpamene padatchukira opeka nyimbo monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole. Kudalibe makina ojambulira. Anthu ankabwera ku misonkhano ikuluikulu, nkumva nyimbo yatsopano, nkuisenza pamtima kupita nayo kwawo kukaphunzitsa ena. Zina mwa nyimbozo zikuimbidwabe m'buku la Sumu za Ukristu mpaka lero.

Kenaka kudabwera matchona. Amuna a ku Mzimba, Rumphi ndi Nkhata Bay amene ankapita ku Joni, ku Halale ndi ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia sankabwera ndi njinga ndi majekete okha ayi. Ena ankabwera ndi galamafoni yopukusa, kabokosi ka masingano, ndi mbale zosweka msanga zija zokutidwa m'bulangete. Akuluakulu amatiuza kuti tchona akafika, mudzi wonse unkasonkhana pakhomo pake kudzamva zimene akumva anzathu kunjako. Ku Nkhata Bay ngakhale gule adabadwa mwa njira yomweyi, pakuti dzina la honala lidachokera ku Hohner, kampani ya ku Germany yopanga akodiyoni amene matchona ankabwera nawo. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Njira ya Wenela idadzatsekeka mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi.

Wailesi itafika, kafunso kaja kadangosintha chovala. Mu 1949 kudatuluka kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkamveka mpaka ku Nyasaland. Pologalamu imene anthu ankaikonda koposa idali Zimene Mwatifunsa. Munthu ankagula sitampa, nkulemba kalata yopempha nyimbo yakutiyakuti kuti imvedwe ndi mlongo wake kapena bwenzi lake lakutali. Kunali kumuuza mnzako kuti "imva iyi" kudzera papositi ofesi. Mmodzi mwa aulutsi ndi oimba otchuka a pamenepo, Alick Nkhata, bambo ake adali Mtonga wa kuno kwathu kunyanja.

Ufulu utabwera mu 1964 tidakhala ndi wailesi yathuyathu ya MBC, ndipo mwambo wa makalata udapitirira m'mapologalamu monga Tadzuka Sitidziwa Anzathu. Koma chaka cha 1968 chidasiya chipsera kumpoto kuno. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chichewa ndicho chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi. Chaka chomwecho kudakhazikitsidwa lamulo lopereka mphamvu ku bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Nkhani ya nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia, imene idaletsedwa chifukwa dzinalo lidafanana ndi la Mama Kadzamira, aliyense wa msinkhu wanga amaidziwa. Ng'oma za vimbuza ndi ingoma zinkamvekabe mu Nyimbo za M'maboma, koma muulutsi wolonjera agogo a ku Ekwendeni m'chiyankhulo chawo kudalibe.

Tsono anthu adatani? Adaphunzira kupotokola kamsomali ka wailesi. Ndikukumbukira mawailesi a Nzeru, ndi mabatire oyanikidwa padzuwa kuti atsitsimuke pang'ono, komanso kawaya kokoleka pamtengo wa pichesi. Usiku, kuzizira kwa Mzuzu kukagwira, achimwene athu ankasakasaka Radio Tanzania ya ku Dar es Salaam kapena wailesi ya ku Zambia. Mmawa ku sukulu nkhani idali yakuti ndani wamva Mbaraka Mwinshehe, ndani wagwira Franco ndi gulu lake la OK Jazz. Amene adapeza malo abwino pa wailesi ankauza anzake apamtima okha, ngati msodzi amene wapeza pamene pali usipa.

Mfumu yeniyeni ya nkhani yathuyi ndi kaseti. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala cha m'ma 1984, dziko lidayamba kuyang'ananso kumpoto, ku doko la Dar es Salaam. Magalimoto akuluakulu odzera ku Mbeya, Songwe ndi Karonga ankaima mu Mzuzu, ndipo madalaivala adasanduka matchona atsopano. Kwasakwasa wa Kanda Bongo Man ndi Pepe Kalle ambiri a ife tidamumvera koyamba pa makaseti a m'magalimoto amenewa ndi a amalonda a ku Tanzania, amene timawatcha Mataifa, omwe msika wa Taifa udatengera dzina. Kuchokera kummwera kunkabwera Alleluya Band ya Paul Banda ya ku Balaka, Kalimba, Robert Fumulani ndi Allan Namoko. Ku Zimbabwe kunkachokera John Chibadura ndi Leonard Dembo, ku South Africa Brenda Fassie ndi Lucky Dube. Madoda a mataye nawo adali ndi Jim Reeves ndi Don Williams wawo, ndipo ukawatsutsa ankangokuyang'ana mwachisoni.

Kubwerekana kaseti kudali ndi malamulo ake osalembedwa. Subweza kaseti ya mwini usadaibwezere poyambira, ndipo pofuna kusunga mabatire tinkaizunguza ndi cholembera cha Bic. Ikadyedwa ndi wailesi, unkailumikiza bwinobwino ndi kyuteksi, nkukaulula wekha. Amene adali ndi wailesi ya makomo awiri ankalemekezedwa ngati nyakwawa, chifukwa kwa iye nkumene tinkapita ndi C60 kapena C90 yopanda kanthu. Ndipo kaseti sinkaperekedwa chete. "Aise, yambira mbali yachiwiri, nyimbo yachitatu. Umvetsere gitala ya besi pamene woimba wapuma." Kapena mkulu wina pa bala: "Adada, iyi musamvere muli ndi anthu, mukamvere kunyumba." Nyimbo inkabwera ndi chifukwa chake, ndipo wokupatsayo ankaikapo ulemu wake. Akakupatsa yosakoma kawiri, kachitatu sumamumveranso.

Mawu akuti "mukamvere kunyumba" adadzalemera kwambiri kuyambira mu 1992. Kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa pa 8 March, Chakufwa Chihana adamangidwa pa 6 April, ndipo riferendamu idachitika pa 14 June 1993. M'masiku amenewo munthu ukamubwereka kaseti ya rege yonena za ukapolo ndi ndende, udali kumuuza kuti ndakukhulupirira. Tinkamvera motsitsa, zenera lotseka, aliyense akumasulira yekha mumtima. Chimbale choyamba cha Lucius Banda, Son of a Poor Man, chidafika m'nyengo yomweyo ya kusintha, ndipo kuno chidayenda dzanja ndi dzanja msangamsanga kuposa basi ya Stagecoach. Chisankho cha pa 17 May 1994 chitadutsa, Chitumbuka chidabwerera pa MBC patatha zaka 26. Mu 1997 kudatsegulidwa Radio 2, ndipo pambuyo pake mawailesi ena, kuphatikizapo Radio Tigabane ndi Voice of Livingstonia a mumzinda momwe muno. Komabe minibasi ya ku Nkhata Bay kapena ku Rumphi idakhalabe wailesi yaikulu. Nyimbo za Evison Matafale, amene adafera m'manja mwa apolisi mu November 2001, ambiri adazidziwira pampando wa minibasi, atafunsa kondakitala kuti, "Akuimbayu ndani?"

Pano ndiyenera kunena mbali yowawa. Kugawana kumene kudasunga nyimbo zamoyo nkomwenso kudasiya oimba ambiri m'manja muli mbee. Kaseti imodzi yogulidwa kwa O.G. Issa ku Limbe inkabereka ana khumi ku Zolozolo, woimba osaonapo ngakhale tambala. Bungwe la COSOMA lidayamba ntchito mu 1992 kuti liteteze aluso, koma silikadatha kulowa m'nyumba iliyonse ya wailesi ya makomo awiri. Allan Namoko, amene banjo yake idavinitsa dziko lonse, adamwalira mu 1995 ali mmphawi. Chikondi chathu chidali chenicheni, koma sichinkagula ufa.

Chinanso chimene chimandidabwitsa nchakuti khutu limene lidazolowera kulandira za alendo limachedwa kumva za pakhomo. Wambali Mkandawire, mwana wa ku Mlowe ku Rumphi amene adakhala nafe mumzinda muno, adaimba kwa zaka zambiri, koma ambiri adayamba kumutchula monyadira chimbale chake cha Zani Muwone cha mu 2002 chitayamikiridwa kunja. Adatisiya mu January 2021. Anyamata a Body, Mind and Soul a kuno adapambana mpikisano wa Music Crossroads wa maiko a kummwera kwa Africa mu 2007 nkukaimba ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi babatoni wake wa chingwe chimodzi adaonedwa ndi anthu mamiliyoni pa intaneti, pamene ena a ife tinkangomudutsa. Eti mpaka mlendo atiuze kuti "imvani wanuyu" mpamene titchere khutu?

Lero kaseti idapita. Kudabwera ma CD, kenaka tinyumba tobenera nyimbo m'misika, kumene mnyamata wa pakompyuta amakudzazira memori khadi ndi nyimbo mazanamazana, ndipo tsopano zimangodumpha pa WhatsApp. Sindikunyoza zimenezi. Ndi njira yomweyi imene idanyamula Linny Hoo ya agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, ataimbanso ndi Patience Namadingo, nkuifikitsa pa TikTok padziko lonse iwo akukwanitsa zaka 92 mu 2022. Koma nyimbo 500 zopatsidwa nthawi imodzi zilibe mwini wozinenera. Ndipo foni ikamakusankhira yokha nyimbo yotsatira, tabwerera pamene tidali mu 1968, pamene wina wakutali, wosadziwa Katoto kapena Mchengautuwa, ankagamula zoti timve. Kusiyana kwake nkwakuti kale tinkadziwa kuti akutisankhira, ndiye tinkapotokola kamsomali.

Nchifukwa chake ndikupempha awerengi amene muli ndi katoni ya makaseti kunsi kwa bedi kuti musaitaye kudzala. Pa timapepala ta m'katimo pali zolemba za manja a anthu, ena adagona kale, zosonyeza amene adapatsa mnzake nyimbo yanji ndi chaka chiti. Ophunzira a pa yunivesite ya Mzuzu ofuna nkhani yoti afufuze ayambire pamenepo, eni ake akadalipo oti nkuwafunsa. Ndipo mwana wanu akavala zomvera m'makutu, m'gwireni paphewa, mumufunse chimene akumvera ndi chifukwa chake. Akakuyankhani, nanunso muikireni yanu.