Mabogi akale a sitima ku Bulawayo: mbiri yake ndi luso lowadzutsa

Kuseri kwa siteshoni yaikulu ya Bulawayo, m'dera la Raylton, kuli malo osungirako zinthu zakale za njanji a bungwe la National Railways of Zimbabwe. Malowa anatsegulidwa mu 1972, patatha zaka 75 njanji itafika mumzindawu. Nyumba yomwe alendo amafikira ndi siteshoni yakale ya ku Shamva, imene anaiphwasula n'kudzaimanganso pano. Alendo ambiri amathamangira mitu ya sitima zamalasha, monga zimphona za mtundu wa Garratt zopangidwa ndi kampani ya Beyer, Peacock ku Manchester, kapena kamutu kakang'ono kotchedwa Jack Tar komwe kanagwira ntchito pomanga mlatho wa Victoria Falls. Koma mbiri ya anthu ili m'mabogi okwera anthu omwe aima phee m'mbali mwa mituyo. Mutu wa sitima umaonetsa mphamvu za makina, pomwe bogi limaonetsa amene ankayenda, pamene ankakhala, chimene ankadya, ndiponso amene sankaloledwa kulowamo.

Momwe njanji inafikira

Njanji yochokera kummwera inafika ku Mafeking mu 1894. Mu 1896 mliri wa ng'ombe unapha ng'ombe zambiri zokoka ngolo, ndipo katundu wopita ku Bulawayo anasowa chonyamulira. Izi, pamodzi ndi nkhondo ya Amandebele yolimbana ndi atsamunda chaka chomwecho, zinachititsa kuti ntchito yoyala njanji ifulumire. Kampani ya George Pauling inagwira ntchitoyi mothamanga, ndipo njanjiyo inatsegulidwa ku Bulawayo pa 4 Novembala 1897. Mu 1902 inalumikizidwa ndi ya ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare. Inafika ku Victoria Falls mu 1904, mlatho wa pa Zambezi unatha mu 1905, ndipo mu 1906 sitima zinayamba kufika ku Broken Hill, komwe tsopano ndi ku Kabwe. Motero Bulawayo unakhala mphambano ya njanji zopita ku South Africa, kunyanja ya Indian kudzera ku Beira, ndi kumigodi ya kumpoto. Likulu la njanji ndi malo akuluakulu okonzera sitima anakhazikika mumzindawu.

Njanji yonseyi ndi yotalikirana mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwiri, muyeso womwewo wa njanji za ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa. Muyesowu ndi wocheperapo poyerekeza ndi wa mamilimita 1,435 wa ku Britain ndi ku America. N'chifukwa chake mabogi a kuno ankachita kuwapanga mwapadera, ngakhale ambiri ankachokera kumafakitale a ku Britain.

Kapangidwe ka mabogi oyamba

Mabogi a zaka zoyambirira anali ndi thupi lamatabwa lokhazikidwa pa chimango chachitsulo. Ambiri anali ndi kakhonde kumapeto onse awiri, pomwe munthu ankakwerera ndi kuimapo kupitidwa mphepo. Pakati pa denga pankakhala kadenga kena kotukuka kokhala ndi timazenera, kolowetsa kuwala ndi kutulutsa mpweya wotentha. Dengalo linali lamatabwa, lokutidwa ndi chinsalu cholimba chopakidwa penti kuti mvula isalowe. Kunja mabogi a Rhodesia Railways ankadziwika ndi mitundu iwiri, wakhofi ndi wamkaka.

Bogi lotchuka kwambiri ku Raylton ndi la Cecil Rhodes, lopangidwa ndi kampani ya Pullman ya ku America m'zaka za m'ma 1890. Linali ngati nyumba yoyenda, yokhala ndi pogona, podyera ndi pochezera. Limakumbukiridwanso chifukwa cha ulendo wa maliro a Rhodes, yemwe anamwalira ku Muizenberg pa 26 Malichi 1902. Thupi lake linanyamulidwa pa sitima mtunda wa makilomita oposa 2,000 kuchoka ku Cape Town kufika ku Bulawayo, ndipo anaikidwa m'mapiri a Matobo pa 10 Epulo chaka chomwecho.

M'zaka za m'ma 1950 munabwera mabogi achitsulo ochokera ku Britain, koma m'kati mwake matabwa opakidwa vanishi anapitirirabe. M'kalasi yoyamba chipinda chinkagona anthu awiri kapena anayi, m'kalasi yachiwiri atatu kapena asanu ndi mmodzi. Mipando inkasanduka mabedi usiku, ndipo pansi pa katebulo pankakhala kabeseni kosambira m'manja. Pa magalasi a mazenera analembapo zilembo za RR, chidule cha Rhodesia Railways, mochita kugoba. Mabogi amenewa anatumikira zaka zoposa makumi asanu pa sitima ya usiku ya pakati pa Bulawayo ndi Victoria Falls, mtunda wa makilomita pafupifupi 470, ndipo zilembo za RR zinkaonekabe dzina la dziko litasintha kalekale.

Makalasi ndi tsankho

M'nthawi ya atsamunda makalasi a sitima ankatsata khungu la munthu. Azungu ankakwera kalasi yoyamba ndi yachiwiri, anthu akuda ambiri ankakwera yachitatu ndi yachinayi, momwe munali mabenchi amatabwa ndipo anthu ankapanikizana ndi mitolo yawo. M'mabogi otsikawa ndimo munkayenda amuna ambiri ochokera ku Nyasaland opita kumigodi, kuminda ya azungu ndi kumafakitale. Ena ankafika ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi ku Zimbabwe, wapansi, ena pa malole aulere omwe anthu anawatcha Ulere, ena kudzera m'bungwe lolemba antchito lomwe linkadziwika kuti Mthandizi, kenaka n'kudzakwera sitima kutsogolo. Amene sanabwererenso kwawo ndi omwe kumudzi ankawatcha matchona.

Ambiri mwa iwo analembedwa ntchito kunjanji komweko, yosenza katundu, yoyala zitsulo, yosonkhezera malasha, yotsuka mabogi ndi yoperekera zakudya. Malo ogona ngati Sizinda ku Bulawayo, omwe anamangidwira antchito a njanji, mpaka lero muli mabanja ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo Chichewa chimamvekabe kumeneko. Mu Okutobala 1945 antchito akuda a njanji anayamba sitiraka ku Bulawayo chifukwa cha malipiro ochepa ndi malo ogona oipa, ndipo inafalikira m'matauni ena a m'mbali mwa njanji. Patapita zaka zochepa Joshua Nkomo, yemwe ankagwira ntchito yoona za umoyo wa antchito ku Rhodesia Railways, anakhala mtsogoleri wa bungwe lawo asanalowe ndale.

Boma la Southern Rhodesia linagula njanjiyi mu 1947. Mu 1967 mbali ya kumpoto kwa Zambezi inapatuka n'kukhala Zambia Railways, ndipo mitu ya sitima ndi mabogi anagawidwa pakati pa maiko awiriwa. Dzina la National Railways of Zimbabwe linabwera mu 1980, ndipo mu 1987 dziko la Botswana linatenga njanji yodutsa m'dziko lake. Choncho mabogi amene anatuluka m'fakitale imodzi anamwazikana m'maiko angapo.

Ntchito yodzutsa bogi

Adani a bogi lakale ndi madzi, dzuwa, chiswe, dzimbiri ndi akuba. Kuonongeka kumayambira pa denga. Chinsalu chija chikang'ambika, madzi amatsikira m'mizati ya m'mbali n'kukaima pomwe matabwa akumana ndi chitsulo, ndipo pamenepo thabwa limawola, chitsulo chimadyeka. Dzuwa la m'chilimwe limasenda vanishi ndi kung'amba matabwa. Zogwirira zitseko, nyale ndi mipopi yamkuwa zimazulidwa n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo. Pachifukwa ichi chinthu choyamba chimene osamalira mabogi amafuna ndi shedi, chifukwa bogi lokhala pamthunzi limatha zaka zambiri lisanafune mmisiri.

Asanazule msomali ngakhale umodzi, amisiri amajambula zithunzi, kuyeza mbali zonse ndi kulemba nambala pa thabwa lililonse lomwe achotse. Amafufuzanso mapulani akale a fakitale ndi mabuku a m'malo okonzera sitima. Penti amaipala pang'onopang'ono pa kachigawo kamodzi kuti aone mitundu yonse imene bogilo linavalapo, chifukwa pansi pa penti yatsopano pamapezeka nambala yakale, zilembo za kampani ndi chizindikiro cha kalasi.

Kenaka thupi la bogi amalitukula ndi majeke n'kutulutsa mawilo pamodzi ndi zimango zake. Mawilo amawayeza ngati atha, masipuling'i amawayesa, ndipo mabokosi a kumapeto kwa ekiselo amawatsegula. M'mabogi akale ekiselo inkazungulira pa chitsulo chofewa chonyowetsedwa ndi oyilo kudzera m'thonje kapena ulusi. Oyilo akauma bokosilo linkatentha mpaka kufuka utsi, n'chifukwa chake pa siteshoni zikuluzikulu pankakhala munthu woyenda m'mbali mwa sitima akugwira mabokosiwo ndi kugogoda mawilo ndi hamala kuti amve ngati lina lang'aluka. Mabuleki a sitima zakale za kuno ankagwira ntchito pochotsa mpweya m'paipi yodutsa sitima yonse. Paipiyo ikaduka mpweya umalowa ndipo mabuleki amagwira okha. Mapaipi a labala ndi masilinda a mabulekiwa amayenera kukhala osalowetsa mpweya bogi lisanaloledwe kunyamula anthu. Magetsi ankachokera ku dayinamo yozunguzidwa ndi lamba kuchokera pa ekiselo, yomwe inkadzaza mabatire apansi pa bogi kuti nyale ziziyakabe sitima ikaima.

Gawo lotenga nthawi kwambiri ndi la kalipentala. Lamulo la okonza zinthu zakale ndi lakuti thabwa loyambirira lisatayidwe ngati lingathe kupulumuka. Mmisiri amadula powola pokha n'kulumikizapo chidutswa cha mtengo wofanana nawo. Mitengo yolimba ya kuno imathandiza, monga mlombwa, womwe ku Zimbabwe amautcha mukwa, ndi mukusi wa m'nkhalango za mchenga za ku Matabeleland ndi kumadzulo kwa Zambia, womwe kale unkachekedwa kukhala mitanda yoyalapo njanji. Matabwa akatha amawakwecha ndi kuwapaka vanishi kangapo, kudikira kuti iume asanapakenso ina. Osoka mipando amabwezeretsa zikopa, ndipo zitsulo zamkuwa zomwe zinasowa amaziumbanso potengera chimodzi chotsala. Pomaliza wolemba zikwangwani amalemba nambala ndi zilembo ndi dzanja.

Pali kusiyana pakati pa bogi lokonzedwa kuti anthu azingoliona ndi lokonzedwa kuti liziyenda. Loyamba amayesetsa kulisiya monga linalili. Lachiwiri limatsata malamulo a chitetezo a masiku ano, ndipo eni ake nthawi zambiri amalisintha kuti likope alendo. Kampani ya Rovos Rail ya ku Pretoria, yomwe inayamba maulendo ake mu 1989 ndipo sitima zake zimadutsa ku Bulawayo popita ku Victoria Falls, imagula mabogi akale n'kuwasandutsa zipinda zazikulu zokhala ndi bafa ndi makina oziziritsa mpweya. Bogi lotere limapulumuka kwa ogula zitsulo, koma m'kati mwake simukhalanso monga munalili. Ndalama zimakondera mabogi a anthu olemera, chifukwa ndi amene amabweza zomwe zalowa. Bogi la mabenchi silikopa mlendo wolipira madola, ngakhale kuti ndi lomwe linanyamula anthu ochuluka, ndipo likatha mbiri ya ulendo wa wantchito wamba imatha nalo.

Timabogi ta patebulo

Njira ina yosungira maonekedwe a mabogi ndi kupanga tizifaniziro tawo. Ana a m'makomboni amapanga magalimoto ndi sitima za mawaya potengera zomwe maso aona, koma okonda luso la tisitima amatsata muyeso weniweni. Muyeso wofala padziko lonse ndi wa HO, pomwe chilichonse chimachepetsedwa ka 87, ndipo kanjanji kake n'kotalikirana mamilimita 16.5. Pa muyeso umenewu bogi lotalika mamita 19 limakhala masentimita pafupifupi 22.

Njanji ya kuno imabweretsa vuto la masamu. Mamilimita 1,067 akagawidwa ndi 87 amapereka 12 ndi pang'ono, choncho kanjanji ka HO kogulitsidwa m'sitolo n'kotambalala kuposa mmene kayenera kukhalira. Ena amangovomereza zimenezo, monga inachitira kampani ya Lima ya ku Italy popanga tisitima ta ku South Africa. Ena amagwiritsa ntchito kanjanji ka mamilimita 12. Enanso amasunga kanjanji ka 16.5 koma n'kukulitsa timabogi pochepetsa ka 64 kokha, popeza 1,067 kugawa ndi 64 kumapereka pafupifupi 16.7. Popeza mafakitale akuluakulu sapanga kawirikawiri timabogi ta Rhodesia Railways, ambiri amadzipangira okha ndi pulasitiki, timapepala tamkuwa kapena timatabwa topyapyala, ndipo masiku ano ena amajambula pa kompyuta n'kusindikiza ndi makina a 3D. Wopanga kabogi amafuna mapulani, zithunzi ndi mitundu ya penti yomweyo imene wokonza bogi lenileni amafuna, ndipo kawirikawiri zolemba za mmodzi zimathandiza mnzake. Bogi lomwe linaphwasulidwa kalekale limatha kuonekanso pa tebulo ngati miyeso yake inalembedwa.

Mmene zilili lero

Sitima zonyamula anthu za mtunda wautali ku Zimbabwe zinaimitsidwa mu 2020 pa nthawi ya mliri wa Covid-19, zitavutika kale kwa zaka zambiri ndi kuchepa kwa ndalama zokonzera njanji ndi mabogi. Amisiri amene anaphunzira ntchito ya mabogi amatabwa ku Raylton akukalamba, ndipo luso lawo silipezeka m'mabuku okha. Malo ena osungira zinthu zakale za njanji m'chigawo chino ndi a ku Livingstone, m'mashedi akale a kampani ya Zambezi Sawmills. Ku Malawi, komwe njanji ya Shire Highlands inafika ku Blantyre mu 1908, timitu tiwiri toyambirira tinasungidwa, Thistle pa siteshoni ya Limbe ndi Shamrock ku myuziyamu ya ku Chichiri. Mutu wachitsulo umapirira panja kwa zaka zambiri, koma bogi lamatabwa limafuna denga, penti ndi mmisiri wolidziwa, ndipo kupulumuka kwa mabogi a ku Bulawayo kukudalira zinthu zitatu zimenezi.